Tsiku limene chiwombankhanga cha ku Italy chinachita befu pa Dedza

Amene munagonapo pa Dedza mwezi wa June mukukudziwa kuzizira kwake. Madzi a m'ndowa amachita kuluma zala, ndipo nkhungu imaphimba phiri mpaka dzuwa litakwera ndithu. Linali Loweruka lotere, ine ndili Fomu 3, pamene ndinaona njinga yamoto imene inandiyanjanitsa ndi Fizikisi. Kunena zoona, phunziroli ndinkadana nalo. Ndinkaliona ngati chilango choloweza mafomula opanda ntchito.

Loweruka lililonse ndinkathandiza amalume anga pa shedi yawo yokonzera njinga zamoto, m'mbali mwa msewu wa M1. Ntchito yanga inali yotsuka zitsulo ndi kupatsira masipanala. Cha m'ma 10 koloko tinamva kulira kwachilendo. Sikunali kulira kwa njinga za kabaza kumene tinazolowera kuja. Uku kunali kwa besi, kodukizadukiza, ngati ng'oma yaikulu ya pabwalo la gule. Njingayo inaima pamaso pathu, ndipo woyendetsa atavula helemeti tinaona kuti ndi mzungu wachikulire, mutu uli mbuu ndi imvi. Anati akuchokera ku Tete, ndipo alowa m'dziko muno kudzera pa chipata cha Dedza m'mawa womwewo.

Ine maso anali pa njinga. Pa thanki panali chiwombankhanga chotambasula mapiko ndi mawu akuti Moto Guzzi. M'mbali munalembedwa 1000 SP. Injini yake inatulukira uku ndi uku, pansi pa thanki, ngati nyanga za ng'ombe. Tcheni ndinachifunafuna koma sindinachione.

Dandaulo la mkuluyo linali lakuti kuyambira pamene anayamba kukwera zitunda za ku Angonia, njinga sinkakokanso ngati kale. Amalume anadikira kuti injini izizireko, anamasula pulagi imodzi, n'kuiyang'ana. Inali yakuda ndi mwaye. Anaseka. "Bwana, njinga yanuyi sikudwala ayi. Yangochita befu basi. Kuno ndi kumwamba." Kenako anatembenukira kwa ine. "Mphwanga, iwe wa kusekondale, tawafotokozera chifukwa chake."

Ndinangoti kukamwa yasa. Amalume, amene sukulu analekezera Sitandade 8, ankadziwa yankho ndi maso ndi manja. Ine wa mabuku ndinalibe chonena. Manyazi a tsiku limenelo ndi amene anandituma kukafufuza zimene ndikufuna ndikugawireni lero. Manambala amene amalembedwa pofotokoza njinga yamoto ndi Fizikisi ndi Masamu omwewo a m'kalasi mwanu, ndipo munthu amene amadziwa kuwawerenga amadziwanso chimene njinga ingachite ndi chimene singachite pa mapiri athuwa.

Dzina la pa thanki ndi la makaniko

Tiyambe ndi eni ake. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anyamata atatu anakumana m'gulu la ndege la asilikali a pamadzi a dziko la Italy. Awiri, Giorgio Parodi ndi Giovanni Ravelli, anali oyendetsa ndege. Wachitatu, Carlo Guzzi, anali makaniko. Anapangana kuti nkhondo ikatha adzayambe kupanga njinga zamoto: Guzzi azidzapanga, Parodi adzapeze ndalama poti bambo ake anali ndi zombo ku Genoa, ndipo Ravelli, amene anali kale katswiri wa mipikisano ya njinga, azidzathamanga nazo kuti zitchuke.

Sizinayende momwe anapanganira. Mu 1919 Ravelli anamwalira pa ngozi ya ndege. Anzake awiri aja anapitiriza, ndipo kampani inakhazikitsidwa pa 15 March 1921. Chiwombankhanga chija ndi chizindikiro cha oyendetsa ndege, ndipo anachiika pa thanki pokumbukira mnzawoyo. Fakitale anaimanga ku Mandello del Lario, tauni ya m'mbali mwa nyanja ya Como, m'munsi mwa mapiri, ndipo njinga za Moto Guzzi zikupangidwabe komweko mpaka lero, ngakhale kuti kuyambira mu 2004 kampaniyi ili m'manja mwa Piaggio. Chaka choyamba anapanga njinga 17 zokha, za mtundu wa Normale. Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti dzina limene linatsala pa thanki si la mwini ndalama, koma la munthu wa sipanala. Amalume nditawauza zimenezi anagwedeza mutu, amvekere, "Ndiye kuti ku Italy kuli chilungamo."

Mu 1928 mchimwene wake wa Carlo, Giuseppe Guzzi, anakwera njinga yokhala ndi masipuling'i kumbuyo, chinthu chimene chinali chachilendo nthawi imeneyo, kuchoka ku Italy mpaka kumpoto kwa Norway, pofuna kuonetsa kuti njinga ingayende ulendo wautali munthu osathyoka msana. Njingayo inapatsidwa dzina lakuti Norge. Kuyambira pamenepo kampaniyi yakhala ikupanga njinga za maulendo. Inatchukanso pa mipikisano, mpaka mu 1955 inapanga njinga ya masilinda 8, koma mu 1957 inasiya mipikisano ikuluikulu. Injini ya nyanga ija anaikonza ndi injiniya Giulio Cesare Carcano, ndipo inayamba kugulitsidwa pa njinga ya V7 mu 1967. 1000 SP imene ndinaiona ine inatuluka mu 1978. Ili m'gulu limene pa Chingerezi amalitcha sport touring, kutanthauza njinga yothamanga ndithu, koma yomangidwa kuti munthu ayende nayo tsiku lonse, ali ndi mnzake kumbuyo ndi katundu, osatopa msanga.

Kodi 1000 ija ndi chiyani?

Anzanga ambiri amaganiza kuti 1000 ndi liwiro. Ayi ndithu. Ndi kukula kwa malo amene pisitoni imayendamo m'kati mwa silinda, poyeza mu cc. 1 cc ndi 1 cm³, zimene ndi chimodzimodzi ndi mililita imodzi.

Silinda ili ngati chitini. Kutambalala kwa kamwa lake amakutcha bore, ndipo mtunda umene pisitoni imayenda kuchoka pamwamba kufika pansi amautcha stroke. Pa 1000 SP, bore ndi 88 mm ndipo stroke ndi 78 mm. Tsopano tengani fomula ija ya voliyumu ya silinda, πr²h. Theka la 88 mm ndi 44 mm, amene ndi 4.4 cm. Ndiye 3.142 × 4.4 × 4.4 × 7.8 ikutipatsa pafupifupi 474.4 cm³. Masilinda alipo awiri, choncho zonse pamodzi ndi 948.8 cc. Mwaona? Sinakwane n'komwe 1000. Opanga njinga amakonda kukweza nambala kuti dzina limveke bwino. Tsiku limene ndinawerengera ndekha n'kupeza nambala yomweyo imene ili m'buku la njingayo, ndinadziwa kuti fomula ija sanaipangire mayeso okha.

Nanga kukula kumeneku kuli ndi ntchito yanji? Injini ya mtundu uwu imagwira ntchito m'masitepe anayi, njira imene Nikolaus Otto wa ku Germany anaikhazikitsa mu 1876. Poyamba pisitoni imatsika n'kukoka mpweya wosakaniza ndi petulo. Kenako imakwera n'kuupanikiza, ndipo pa SP mpweyawo umapanikizidwa mpaka kutsala m'malo ochepa kuwirikiza pafupifupi 9. Kachitatu pulagi imathetheka, mpweya uja umayaka, n'kukankha pisitoni pansi mwamphamvu. Pomaliza pisitoni imakweranso n'kutulutsa utsi. Pa masitepe anayiwa, imodzi yokha ndi imene imabala mphamvu. Silinda ikakhala yaikulu imameza mpweya ndi petulo wambiri pa mpumo uliwonse, ndipo mphamvu imachulukanso. SP imatulutsa horsepower pafupifupi 60, amene ndi makilowati pafupifupi 45. Njinga ya kabaza ya 150 imatulutsa pafupifupi 12.

Chifukwa chake injini inatulukira m'mbali

Petulo akamayaka, mbali yaikulu ya mphamvu yake simafika ku tayala, imasanduka kutentha. Kutenthako kukapanda kuchotsedwa, pisitoni imafufuma n'kumatirira mu silinda. Galimoto imagwiritsa ntchito madzi ndi radiyeta. SP ilibe radiyeta, imaziziritsidwa ndi mphepo ngati njinga za kabaza. N'chifukwa chake masilinda ali ndi timapeyala tachitsulo tambirimbiri kunja kwake. Timapeyalato timakulitsa malo okhudzana ndi mpweya, monga momwe phala limazizirira msanga mukalithira m'mbale yotambalala kusiyana ndi m'kapu.

Vuto limabwera masilinda akakhala awiri. Mukawaika wina kutsogolo wina kumbuyo, wakumbuyo amabisala ndipo amalandira mphepo yotentha kale. Carcano anawatsegula ngati chilembo cha V, pa madigiri 90, wina kumanja wina kumanzere, kuti onse azimenyedwa ndi mphepo mofanana. Madigiri 90 aja amathandizanso kuti kugwedezeka kwa mapisitoni awiriwo kuzifafanizana, injini isamanjenjemere kwambiri.

Kaikidwe kameneka kanabala zinthu zina ziwiri. Choyamba, chitsulo chachikulu chozungulira m'kati mwa injini chinagona motsata kutalika kwa njinga, kuloza tayala lakumbuyo. Choncho m'malo mwa tcheni anangoika shafiti, mtanda wachitsulo wozungulira m'kati mwa paipi, ngati wa pansi pa lole. Amene munaonapo tcheni cha kabaza chitadya fumbi la ku Mayani kapena matope a ku Linthipe mukumvetsa ubwino wake: shafiti sifuna kukungidwa kapena kutsukidwa kawirikawiri. Koma palibe chaulere. Shafiti ndi yolemera, ndiponso ikawonongeka simungaipeze pa msika ngati tcheni. Njinga yonseyi imapitirira makilogalamu 200 isanathiridwe n'komwe petulo.

Chachiwiri chinandidabwitsa kwambiri. Mkulu uja anandiuza kuti ndigwire chiwongolero njinga ili chiimire, kenako anaponda moto pang'ono ndi dzanja. Njinga yonse inapendekera mbali imodzi ngati wina waikankha. Palibe anaikhudza. Ili ndi lamulo lachitatu la Newton: injini ikamazunguza chitsulo chija kulowera mbali iyi, chitsulocho chimakankha thupi la njinga kulowera mbali inayo ndi mphamvu yofanana. Lamulo limene ndinkaloweza ngati ndakatulo ndinalimva m'mikono mwanga.

Tsopano za befu

Tifike pa funso la amalume. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza ili pa mamita 2,198. Tete, kumene mkulu uja anachokera, ili m'chigwa cha Zambezi, pa mamita osafika 200. Tikamakwera kumtunda, mpweya wotipsinja kuchokera pamwamba umachepa, choncho tizigawo ta mpweya timatalikirana. Pa Dedza, lita imodzi ya mpweya imakhala ndi okosijeni wochepa ndi pafupifupi 15 pa 100 alionse poyerekeza ndi m'mphepete mwa nyanja yamchere. N'chifukwa chomwecho madzi kuno amawira pa madigiri pafupifupi 95 m'malo mwa 100, ndipo nyemba zimachedwerapo kupsa.

Silinda ija imamezabe 474 cc pa mpumo uliwonse, kaya ku Tete kaya ku Bembeke. Koma m'kati mwa 474 cc imeneyo muli okosijeni wochepa. Moto ukachepa okosijeni, mphamvu imachepanso, pafupifupi gawo limodzi pa 100 pa mamita 100 alionse amene mwakwera. Ndiye kuti SP ya horsepower 60 ikafika pa Dedza imatsala ndi pafupifupi 51, ndipo kabaza wa 12 amatsala ndi 10.

Nanga mwaye wa pa pulagi? Kuti petulo apse yense bwinobwino, galamu imodzi ya petulo imafuna magalamu pafupifupi 14.7 a mpweya. Pa SP, ngatinso pa njinga zambiri za kabaza, chimene chimasakaniza ziwirizi ndi kabuleta. SP ili ndi makabuleta awiri a Dell'Orto, silinda iliyonse yakeyake. Kabuleta ilibe nzeru yodziwira kuti tafika ku mapiri. Mpweya ukapepuka, iyo imachepetsa petulo pang'ono chabe, osati mokwanira. Zotsatira zake petulo amachuluka kuposa okosijeni, wina amangopsa mwatheka, n'kusiya kaboni wakuda pa pulagi. N'chimodzimodzi ndi mbaula imene mabowo ake atsekeka ndi phulusa: utsi wambiri, moto wochepa. Njinga ndi magalimoto amakono ali ndi kakompyuta koyeza mpweya n'kuchepetsa petulo kokha, choncho pulagi siida. Koma ngakhale kompyuta singalenge okosijeni amene kulibe. Mphamvu imatsikabe.

Amalume anangotsuka mapulagi ndi burashi ya waya, anaona sefa ya mpweya, basi. Sanasinthe china chilichonse m'kabuleta, chifukwa mkuluyo anati mawa lake akutsikira kunyanja. Nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500, ndipo kumeneko njinga ikapezanso mpweya wake.

Mphepo nayonso ndi khoma

Kutsogolo kwa SP kuli chishango chachikulu chotchinga woyendetsa. Si chokongoletsera. Mu 1950 Moto Guzzi inamanga pa fakitale yake chipinda chonga paipi yaikulu, chokhala ndi chikupizo chopanga mphepo yamkuntho, kuti aziyeseramo njinga ili chiimire. Chishango cha SP anachikonzera m'menemo, ndipo chili pawiri: chapamwamba chimakhota pamodzi ndi chiwongolero, chapansi chinamangiriridwa ku thupi la njinga kutchinga miyendo. Chifukwa chake n'chakuti kukankha kwa mphepo kumakula motsata sikweya ya liwiro. Mukachoka pa 50 km/h kufika pa 100 km/h, mphepo simakukankhani kawiri, imakukankhani kanayi. Pa ulendo wa maola 8, chishango chimenecho ndi chimene chimasiyanitsa munthu wofika ali bwino ndi wofika khosi litauma. Ndipo pa kuzizira kwa pa Dedza, ndinaona kuti mkulu uja sankanjenjemera ngati anyamata athu a kabaza.

Kutsika Khwekhwerere

Gawo ili ndilo lofunika kwambiri, ndipo ndikulilemba ndi mtima wolemera. Njira imene mkulu uja anatenga mawa lake ndi yochoka pa Masasa kutsikira ku Golomoti, ya makhota aja a Khwekhwerere. Asananyamuke anationetsa mabuleki. SP ili ndi madisiki atatu a Brembo, awiri kutsogolo, imodzi kumbuyo. Mukaponda buleki ya phazi, imagwira disiki yakumbuyo pamodzi ndi imodzi yakutsogolo, ndipo ya dzanja imagwira yakutsogolo inayo. Kampaniyi inayamba kulumikiza mabuleki chonchi mu 1975. Anatero chifukwa njinga ikamaima, kulemera konse kumathamangira kutsogolo, tayala lakumbuyo limapepuka, ndipo woponda buleki yakumbuyo yokha amangotsetsereka. Komabe, ngakhale anali ndi mabuleki otere, mkuluyo anati potsika phiri amadalira giya yotsika, osati mabuleki.

Patapita chaka chimodzi, msuweni wanga amene ankayendetsa kabaza anachita ngozi pa msewu womwewo. Ananyamula munthu ndi thumba la kachewere. Pofuna kusunga petulo, anazimitsa injini n'kuika njinga pa fulii, monga amachitira anyamata ambiri. Makhota oyamba anadutsa bwino. Chapakati, anaponda buleki, phazi linangopita pansi, njinga osamva. Anakagwera m'ngalande. Mwamwayi onse ali moyo, koma iye mpaka lero amayenda motsimphina, ndipo sukulu ya mng'ono wake imene ankalipira inaima kwa chaka chathunthu.

Kumudzi ena anati ndi zamatsenga. Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti njinga, anthu awiri ndi thumba zikulemera makilogalamu 300, ndipo akutsika mamita 1,000. Fomula ya mgh ikutipatsa 300 × 10 × 1,000, amene ndi majulo 3,000,000. Mphamvu simatayika, imangosintha maonekedwe. Kuti lita imodzi ya madzi ichoke pa madigiri 20 kufika pa 95 pamafunika 4,200 × 75, amene ndi majulo 315,000. Ndiye kuti kutsika phirilo kumatulutsa kutentha kokwanira kuwiritsa malita opitirira 9 a madzi. Gawo lina limatengedwa ndi mphepo ndi matayala, koma injini ikazimitsidwa, lalikulu limathera m'mabuleki aang'ono ngati sosala. Akatentha kwambiri amaleka kugwira. Njinga ikakhala mu giya yachiwiri injini ili moyo, injiniyo imakana kuzunguzidwa ndi tayala, imatenga gawo lalikulu la ntchitoyo, ndipo mabuleki amapeza mpata wozizira. Onjezani apo fomula ya ½mv²: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imene mabuleki ayenera kuimeza pa khota imawirikiza kanayi. Petulo amene msuweni wanga ankafuna kusunga sankakwana n'komwe theka la lita.

Ambiri a inu mumakwera kabaza popita kusukulu, ndipo ena mwina mudzayendetsa. Woyendetsa akazimitsa injini pamtsetse wautali, muuzeni mwaulemu kuti, "Achimwene, tayatsani muike mu giya." Akakana, tsikani. Helemeti nayonso musamaiiwale.

Ntchito ya kunyumba ndi iyi. Injini ya Bajaj Boxer 150 ili ndi silinda imodzi, bore 56 mm, stroke 58.8 mm. Pezani cc yake yeniyeni, muone ngati ikukwanadi 150. Mukatero pitani kwa makaniko wa kwanuko, mukawapemphe kuti akuonetseni pulagi imene angoimasula kumene. Ikakhala yofiirira ngati buledi wopsa bwino, petulo ndi mpweya zikugwirizana. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, mufotokozereni ndinu chifukwa chake. Ine amalume ndinawayankha patapita milungu itatu, pepala la masamu lili m'manja. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Eya, ndi zomwe ndinanena zija. Tandipatsira 17."